Madisiki awiri atagwa mu RAID 5: lipoti la seva ya kampani yoyeza malo ku Lilongwe

Mmene zinthu zinalili

Kampani imene ndikukamba pano ndi yaing'ono, ya anthu oyeza malo ndi kujambula mapu mumzinda wa Lilongwe. Ntchito yawo yambiri imachokera pa zithunzi zojambulidwa ndi drone. Akapita kumunda kamodzi amabwerako ndi zithunzi zikwizikwi, ndipo akazilumikiza kukhala mapu, fayilo imodzi imatha kufika magigabayiti angapo. Zonsezi, pamodzi ndi mabuku a ndalama ndi makalata a makasitomala, zinkakhala pa seva imodzi yomwe inaikidwa pakona m'chipinda chosungira zipangizo.

Sevayo inali kompyuta wamba yaikulu, yoyendera Ubuntu 18.04 pa SSD yakeyake. Deta inali pa madisiki anayi a 4 TB omangidwa ngati RAID 5 (gulu la madisiki logwira ntchito ngati disiki imodzi) kudzera mu mdadm, pulogalamu ya Linux yomangira magulu otere, pamwamba pake ext4, dongosolo losungira mafayilo, ndipo ogwira ntchito ankafikira mafoda awo kudzera mu Samba, pulogalamu yogawira mafoda pa netiweki. Malo ogwiritsa ntchito anali 12 TB, ndipo pafupifupi 9 TB anali odzaza. Madisiki onse anayi anali a mtundu wopangira kompyuta ya patebulo, ogulidwa tsiku limodzi, manambala awo a siriyo otsatizana. Amene anamanga sevayo anasiya ntchito kalekale. Amene ankaiyang'anira ndi mnyamata wa IT wobwera masiku ena pa sabata, wakhama ndithu, koma palibe amene anamuuzapo kuti m'bokosimo muli chinthu chofunika kuchisuzumira.

Backup panalibe. Mayi amene ndi mkulu wa kampaniyo anauzidwa pogula kuti "disiki imodzi ikafa simutaya kanthu", ndipo mawuwo anali oona. Iwo anawamva ngati akuti "simudzataya kanthu".

Kwa amene sanagwirepo RAID 5, kagwiridwe kake ndi aka. Deta imadulidwa m'zidutswa, mu mdadm nthawi zambiri za 512 KiB, n'kumayalidwa pa madisiki motsatizana. Pa mzere uliwonse wa madisiki anayi, zidutswa zitatu zimakhala deta, chachinayi chimakhala parity, yomwe ndi XOR (masamu ophatikiza mabiti) ya zitatu zija. Ngati mabiti ali 1, 0, 1, parity imakhala 0. Mukataya wapakatiyo, mumaphatikiza otsalawo ndi parity, yankho limabwera 0. Parity siikhala pa disiki imodzi, imazungulira mzere ndi mzere. Masamu amenewa amapeza chosowa chimodzi chokha pa mzere. Zikasowa ziwiri, palibe chowerengera.

Chaka chake chinali 2022. Mu January namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 MW, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku. UPS ya sevayi, bokosi la batire lothandiza kuti makina asazime magetsi akathima, inalipo, koma batire yake inali itatha ntchito. Magetsi akathima, seva inkathima nawo limodzi. Pofuna kuiteteza, ofesi inayamba kale chizolowezi choithimitsa Lachisanu madzulo n'kuiyatsa Lolemba.

Chizindikiro choyamba

Lachisanu lina mu July, mmodzi wa ojambula mapu anadandaula kuti foda ya ntchito yakale ikutseguka mwaulesi, kenako inakana. Anthu anangoti ndi netiweki, anathimitsa seva n'kupita kunyumba. Lolemba mafoda onse sanaoneke.

Mnyamata uja anayang'ana /proc/mdstat napeza md0, dzina la gulu la madisiki lija, ili inactive, kutanthauza kuti gululo silikuyenda. Anafufuza pa intaneti, anapeza wina akulangiza kuti ungopanganso gululo ndi mdadm --create --assume-clean. Analemba lamulolo. mdadm inamuchenjeza kuti madisikiwo akuoneka kuti ali kale m'gulu lina, n'kumufunsa ngati apitirize. Anasiya funsolo lili pa sikirini, natenga foni n'kundiimbira.

Ndinamuuza kuti, "Achimwene, yankhani kuti ayi, musalembenso china chilichonse, ndipo seva isathimitsidwe kapena kuyatsidwanso kufikira ndifike."

Pamenepa ndi pomwe nkhaniyi inakhotera koyamba, ndipo ulemu upite kwa mnyamatayo. --create imalemba superblock yatsopano pamwamba pa yakale. Superblock yakaleyo ndi imene imasunga dongosolo la madisiki, kukula kwa chidutswa, pomwe deta imayambira, ndiponso umboni wa disiki imene inagwa poyamba. Mitundu yosiyana ya mdadm imasankha Data Offset yosiyana, choncho ngakhale utalondola dongosolo la madisiki ukhoza kupeza ext4 sikuoneka. Kenako munthu amathamangira fsck, pulogalamu yoyeza ndi kukonza ext4, kuti "ikonze", ndipo apo ndiye deta imapita zenizeni. Ndaonapo maseva ambiri ophedwa ndi wowapulumutsa kuposa ophedwa ndi disiki.

Zimene tinapeza

Ntchito yoyamba inali ya tepi ndi cholembera. Mayina a sdb, sdc, sdd amasinthasintha makina akayakanso, choncho ndinayang'ana mu /dev/disk/by-id, ndinalemba manambala anayi omaliza a siriyo pa tepi n'kumata pa disiki iliyonse ndi pa chingwe chake. Kenako madisiki onse ndinawatseka kuti asalembedwe, ndi blockdev --setro, ndipo zotuluka za mdadm --examine za disiki iliyonse ndinazisunga pa fulashi.

Manambala a Events (chiwerengero cha kusintha kwa gulu komwe disiki inaona) ndi Update Time (nthawi yomaliza yomwe superblock yake inalembedwa) ananena nkhani yonse. Madisiki awiri anali ofanana. Yachitatu inatsalira pang'ono chabe, ndipo nthawi yake yomaliza inali Lachisanu lija masana. Yachinayi inatsalira kutali kwambiri, ndipo tsiku lake lomaliza linali mu February. Kuyambira pano ndizizitchula kuti disiki ya Lachisanu ndi disiki ya February.

Ndiye kuti kwa miyezi isanu kampaniyo inkayendera madisiki atatu, popanda chitetezo chilichonse, ngati minibasi imene sipeya yake ili kale pamsewu koma ikunyamulabe anthu kupita ku Mchinji. Ogwira ntchito sanaone kusiyana, chifukwa RAID 5 yolumala imapitiriza kupereka mafayilo bwinobwino. Ubwino wake ndi womwewo, ndipo ngozi yake ndi yomweyo.

Seva sinakhale chete ayi. Mu mdadm.conf munali mzere wa MAILADDR root, monga umabwerera. Nditatsegula /var/mail/root ndinapeza mulu wa makalata a DegradedArray, oyambira February, oti palibe munthu anawawerengapo. Makinawo ankalembera bokosi lomwe lili m'kati mwawo momwe.

Chachiwiri chinandiwawa kwambiri. Pa Debian ndi pa Ubuntu wa nthawi imeneyo, mdadm inkabwera ndi ntchito ya cron, yoyamba yokha pa nthawi yoikika, yotchedwa checkarray, yomwe imawerenga madisiki onse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kamodzi pa mwezi. Ikakumana ndi sekita (kagawo kakang'ono ka disiki) yosawerengeka, md, gawo la Linux loyendetsa RAID, imaiwerengera kuchokera ku parity n'kuilembanso, disiki n'kuisamutsira pamalo abwino. Ntchitoyi inkayamba Lamlungu loyamba la mwezi, nthawi ya 00:57 usiku. Seva imeneyi Lamlungu inkakhala yozima. Chizolowezi chomwe anayambitsa pofuna kuiteteza ndi chimene chinachititsa kuti masekita oola aziunjikana m'mafoda akale osatsegulidwa, popanda wowakhudza.

SMART, momwe disiki imalemba za thanzi lake, inaonjezera zina. Disiki ya Lachisanu inali ndi masekita ambiri pa nambala 197, Current_Pending_Sector, ndi ena pa 198, manambala onse awiri osonyeza masekita okana kuwerengeka. Imeneyi inali kudwaladi. Disiki ya February inali ndi ochepa chabe pa 197, kwina konse inali bwino. Sinafe, inangothamangitsidwa. Nditafunsa ndi smartctl -l scterc, lamulo loona malire a nthawi yomwe disiki imalimbana ndi sekita yovuta, madisiki onse anayankha kuti lamulolo saligwiritsa ntchito.

Anzanga ambiri sadziwa msampha umenewu, choncho ndiufotokoze. Disiki ya patebulo ikakumana ndi sekita yovuta imalimbana nayo nthawi yaitali, nthawi zina kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa imaganiza kuti ili yokha ndipo palibe kwina kotenga detayo. Linux imadikira masekondi 30 okha. Akatha, imadula kulumikizana n'kuyambiranso. md imayesa kulemba sekitayo kuchokera ku parity, koma disiki idakali yotanganidwa, siyankha, ndipo md imati kulemba kwalephera n'kuichotsa m'gulu. Sekita imodzi yomwe ikanakonzedwa m'kanthawi kochepa imachotsetsa disiki yonse ya 4 TB. Madisiki opangira NAS (mabokosi osungira deta pa netiweki) ndi maseva amasiya kulimbanako pakatha masekondi 7 n'kuuza md kuti "yandikanika", md n'kukonza yokha. Ngati muli ndi madisiki a patebulo m'gulu ndipo simungawasinthe lero, kwezani /sys/block/sdX/device/timeout (sdX ndi dzina la disiki iliyonse) kufika masekondi 180 pa kuyaka kulikonse.

Zimene tinasankha

Mayi aja anafunsa funso lomwe aliyense akanafunsa: "Bambo, mwati ya February ili bwino, yadwala ndi ya Lachisanu. Bwanji osangobwezera yabwinoyo?"

Ndinawayankha kuti, "Mayi, thupi lake lili bwino, koma zimene ikudziwa n'za February. Chilichonse chimene mwalemba kuyambira pamenepo, iyo sinachione."

Tikanamanga gulu ndi madisiki awiri abwino ndi ya February, mzere uliwonse wolembedwa m'miyezi isanuyo ukanatuluka wosakanikirana, zakale ndi zatsopano, ndipo chidutswa chowerengedwa kuchokera ku parity chikanakhala zinyalala. Sizikanakhudza mafayilo atsopano okha. Ndondomeko za m'kati za ext4 zimalembedwa nthawi zonse, choncho ngakhale mafoda akale akanatha kusokonekera. Disiki yodwala koma ya dzana ndi yamtengo wapatali kuposa yathanzi ya miyezi isanu yapitayo. Tinagwirizana kuti tidalire ya Lachisanu, ya February tiiike pambali koma isatayidwe.

Kudalira disiki yodwala sikutanthauza kuigwiritsa ntchito. Tinapeza disiki ina ya 4 TB n'kuyamba kukopa ndi GNU ddrescue: ulendo woyamba ndi -n kuti itenge zonse zosavuta mwachangu n'kudumpha malo ovuta, kenako kubwerera pa ovutawo ndi -r. Chofunika kwambiri pa ddrescue ndi mapfile, kafayilo kamene kamalemba malo omwe awerengeka ndi omwe akana. Popanda iko, magetsi akathima mumayambira pachiyambi, ndipo disiki yodwala siipirira maulendo ambiri. Kukopa 4 TB, ngakhale disiki ili bwino, kumadya maola asanu ndi atatu kapena kupitirira. Muofesimo magetsi sakanakhala nthawi yonseyo, ndipo jenereta yawo inali yoti munthu aziithira mafuta, m'chaka chomwe mafutawo ankavutanso. Choncho ndinanyamula madisiki onse, atakulungidwa bwino, kupita nawo kumalo komwe kuli sola ndi inveta.

ddrescue itamaliza, zimene zinakaniratu zinali zosakwana megabayiti imodzi, zomwazikana m'malo angapo. Pa 4 TB ndi kadontho. Koma kadontho kameneko n'kamene kanagwetsa kampani yonse sabata imeneyo, ndipo n'kamene kakanagwetsanso ntchito yomanganso gulu tikanangolowetsa disiki yatsopano.

Pa madisiki awiri abwino ndi pa kope latsopanolo ndinaika overlay ya device-mapper, ndi dmsetup snapshot, kuti chilichonse chomwe mdadm kapena ext4 ingalembe chipite mu fayilo yapadera, madisiki enieniwo osakhudzidwa. Mukalakwitsa, mumafufuta overlay n'kuyambanso. Pamwamba pa ma overlay atatuwo ndinathamangitsa mdadm --assemble --force. Inakweza Events ya kopelo kuti ifanane ndi anzake, gulu linayaka ndi madisiki atatu mwa anayi. fsck -n, yomwe imangoyang'ana osakonza, inadandaula zochepa. Ndinalumikiza ndi ro,noload, mafoda onse anaoneka.

Apa panabweranso chiyeso. Mnyamata uja anati tilowetse disiki yachinayi yatsopano kuti gulu limangidwenso, anthu ayambe ntchito mawa. Ndinakana. Kumanganso RAID 5 ya madisiki anayi a 4 TB kumafuna kuwerenga 12 TB yonse popanda cholakwika. Opanga madisiki a patebulo amalemba pa mapepala awo kuti biti imodzi ikhoza kukana pa mabiti 10^14 aliwonse, omwe ndi pafupifupi 12.5 TB. Nambalayi ndi malire olonjezedwa, madisiki ambiri amachita bwino kuposa pamenepo, ndipo sindigwirizana ndi amene amaitenga ngati ulosi. Koma awa anali madisiki a msinkhu umodzi, otenthedwa limodzi, ozimidwa mwadzidzidzi limodzi, osawerengedwa mokwanira kwa zaka. Awiri anali atagwa kale. Sindikanabetcha pa otsalawo.

M'malo mwake tinakopa deta kupita pa madisiki akunja a USB ndi rsync, ndipo dongosolo lake anasankha ndi mayi aja, osati ine: mabuku a ndalama, ntchito zomwe makasitomala akudikira, mapu omalizidwa, kenako zithunzi zakale. Wa IT amafuna kuyambira pa foda A mpaka Z. Mwini ntchito amadziwa chimene chingamutsekere kampani chikasowa.

Masekita otsalawo

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna anzanga alimvetse, chifukwa ambiri amaimira pomwe rsync yamaliza popanda kudandaula n'kunena kuti zonse zabwera. Pa kope la ddrescue, malo amene sanawerengeke amangokhala ndi zomwe zinali pa disiki yatsopanoyo, nthawi zambiri maziro. md sidziwa, ext4 sidziwa, rsync sidziwa. Fayilo imakopedwa yonse, kukula kwake kolondola, koma m'kati muli bowo.

Ndiponso bowolo silikhala limodzi. M'gulu lolumala, chidutswa cha disiki yosowayo chimawerengedwa kuchokera ku zitatu zotsalazo. Ngati sekita yoipa ya disiki ya Lachisanu inali deta, ndipo pamzere womwewo disiki yosowayo inalinso ndi deta, malo awiri awonongeka, mwina m'mafayilo awiri osiyana. Ngati sekita yoipayo inali parity, fayilo yowonongeka ndi ya pa disiki yosowayo, yomwe simunaiganizire n'komwe. N'chifukwa chake njira yodzaza mabowo ndi mawu odziwika kenako n'kuwasaka ndi grep siikwanira pa RAID 5 yolumala. Imagwira ena, ena imawaphonya.

Ndinatenga malo onse oipa mu mapfile, ndinachotsapo Data Offset, ndinawerengera mzere ndi chidutswa motsatira kayalidwe ka left-symmetric komwe --examine inaonetsa, n'kupeza manambala a mabuloko a ext4 okhudzidwa, a disiki ya Lachisanu ndi a disiki yosowayo omwe. Mu debugfs, chida chofufuzira m'kati mwa ext4, icheck imasandutsa buloko kukhala inode (nambala ya fayilo mu ext4), ncheck imasandutsa inode kukhala dzina la fayilo. Ena mwa malowo anagwera pamalo opanda kanthu. Otsalawo anatipatsa mndandanda waufupi wa mafayilo, ambiri mwa iwo zithunzi za ntchito za zaka zam'mbuyo.

Apa ndi pomwe disiki ya February inagwira ntchito. Pa sekita iliyonse yosowa, funso linali limodzi: kodi zimene zili pa disiki ya February pamalo amenewo zikanakhala zomwezo lero ikanakhala kuti sinachoke m'gulu? Ngati pamalopo inkasunga chidutswa cha fayilo yomwe sinasinthe chiyambire February, yankho ndi inde. Ngati inkasunga parity, mzere wonsewo uyenera kukhala wosasintha. Yankho likakhala inde, sekita yosowayo ndi XOR ya madisiki atatu enawo, ya February yomwe. Kapulogalamu kakafupi ka Python kanachita masamuwo n'kulemba zotuluka mu overlay. Poyesa, ndinkayang'ana masekita oyandikana nawo amene anawerengeka: ngati XOR ya madisiki onse anayi ikupereka ziro mbali zonse ziwiri za bowolo, chikhulupiriro chinkakula. Umboni weniweni unali kutsegula fayiloyo, ndipo ojambula mapu anatsegula iliyonse ndi maso awo.

Mafayilo akale onse pamndandandawo anabwerera. Amene sanabwerere ndi ochepa olembedwa February atadutsa. Ena mwa iwo anapezeka pa laputopu ya woyendetsa drone, yemwe mwamwayi sakonda kufufuta zinthu. Zithunzi zingapo za ntchito ina ya chakumpoto kwa mzinda zinatayikiratu, ndipo anapitanso kukaulutsa drone pa chigawo chimenecho. Mabuku a ndalama sanakhudzidwe.

Kumanganso

Mayi aja ankafuna RAID 5 yomweyo ndi madisiki atsopano atatu akuluakulu, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Mu May chaka chimenecho kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndalama zakunja zinkasowa, ndipo ogulitsa zipangizo ankasintha mitengo kotesheni isanathe sabata. Disiki iliyonse yoonjezera inali nkhani ya pa msonkhano.

Ndinawaikira masamu patebulo. Madisiki atatu a 8 TB mu RAID 5 amapereka 16 TB. Anayi a 8 TB mu RAID 6 amaperekanso 16 TB. Kusiyana ndi mtengo wa disiki imodzi. RAID 6 imasunga parity ziwiri pa mzere uliwonse, P yomwe ndi XOR yomwe ija, ndi Q yowerengedwa mwa njira ina, kotero zosowa ziwiri zimapezeka. Phindu lake lalikulu, kwa ine, si kupirira madisiki awiri akufa limodzi, zomwe sizichitika kawirikawiri. Ndi lakuti disiki imodzi ikafa ndipo mukumanganso, sekita yoipa pa ina mwa zotsalazo imangokonzedwa, ntchito n'kupitirira. Kudzaza disiki ya 8 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi kumatenga maola pafupifupi 15, anthu asakugwiritsa ntchito seva. Koma kuno nthawi yoopsa si maola amenewo. Ndi masabata omwe mukudikira kotesheni, chilolezo cha abwana, ndalama zakunja, ndi katundu wochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai. Mabuku ambiri a RAID analembedwa ndi anthu amene disiki imawafika mawa lake.

Mtengo wa RAID 6 uli pa kulemba tizinthu ting'onoting'ono: kusintha kamodzi kumafuna kuwerenga ndi kulemba kasanu ndi kamodzi, pomwe RAID 5 ndi kanayi. Ikanakhala seva ya database yotanganidwa ndikanapita ku RAID 10, yomwe imasunga makope awiri a deta m'malo mwa parity. Awa amalemba mafayilo akuluakulu motsatizana kudzera pa netiweki ya gigabiti imodzi, ndipo chingwe ndi chimene chimawachedwetsa, osati parity.

ZFS, dongosolo lina losungira mafayilo, ndi RAIDZ2 yake yofanana ndi RAID 6, ndinaiganizira mofatsa, ndipo pa nkhani ngati iyi ili ndi zabwino zoonekeratu. Imasunga checksum ya buloko iliyonse, choncho ntchito yonse ya debugfs ija ikanakhala lamulo limodzi lotchula mafayilo owonongeka. Ilibenso vuto la write hole, pomwe magetsi amathima deta italembedwa koma parity isanalembedwe. Ndinasankhabe mdadm chifukwa wotsala ndi sevayo si ine. Mnyamata uja anali atangoiphunzira mdadm mozama m'masiku ovutawo, akudziwa kuwerenga --detail ndi --examine, ndipo kumusiyira chida china chatsopano kukanakhala kubwezera kampaniyo pomwe inali. Wina akhoza kutsutsa chisankhochi ndipo sindingamudabwe.

Write hole tinaichepetsa ndi magetsi. Bitmap ya mdadm imafulumizitsa kugwirizanitsa madisiki magetsi akabwera, koma siitseka bowolo. Chimene chimalitseka ndi journal pa SSD yapadera, yomwe inali ndalama zina ndi chinthu china choti chife. Tinagula mabatire atsopano a UPS, tinailumikiza ku seva ndi USB, ndipo NUT, pulogalamu yoyang'anira UPS, imathimitsa seva mwadongosolo batire ikatsika. Tinayesa pozula pulagi kukhoma, mayi aja akuonerera.

Madisiki tinagula a NAS, ndipo ndinaonetsetsa pa pepala la wopanga kuti kalembedwe kawo ndi ka CMR, osati ka SMR. A SMR amachedwa kwambiri akamalembedwa kwa maola ambiri osapuma, monga zimakhalira pomanganso gulu, ndipo akhoza kuthamangitsidwa pakati pa ntchito. Awiri anapezeka mu Lilongwe momwemo, awiri anabwera kuchokera ku South Africa. Kusowa kwa katunduko kunatipatsa mwangozi chimene ndikanapempha: madisiki osachokera mu mtanda umodzi. Iliyonse inadutsa badblocks ndi mayeso aatali a SMART isanalowe m'gulu, ndipo scterc inayankha 70, kutanthauza masekondi 7.

Zotsalazo zinali zotchipa, ndipo ndi zimene zikanaletsa nkhani yonseyi. Makalata a mdadm ndi a smartd, pulogalamu yoyang'anira SMART, tsopano amapita ku adiresi ya imelo yomwe imafikira anthu atatu, mayi aja ali m'gulumo, ndipo sindinachoke kufikira uthenga wa mdadm --monitor --scan --test --oneshot utalira pa foni zawo. Kuwerenga kwa mwezi ndi mwezi tinakusamutsira pakati pa sabata. Pa chitseko cha bokosi la seva tinamatapo pepala: siriyo ya disiki iliyonse, malo ake, ndi mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu woletsa --create. Madisiki a USB amene tinakopera deta aja anasanduka backup, awiri osinthana, imodzi muofesi ina kunyumba kwa mayi aja. Kukweza materabayiti amenewa pa intaneti ya ofesiyo sikukanatheka, choncho pa mtambo pamapita mabuku a ndalama ndi makalata okha.

Zimene zinatsatira

Chaka chotsatira smartd inatumiza uthenga kuti disiki imodzi mwa zatsopanozo yayamba kuonetsa masekita pa 197, ndipo nambala 5, ya masekita osamutsidwa, ikukwera. Gulu linali lathunthu, palibe amene anamva kanthu pa ntchito. Mnyamata uja anandiimbira kungotsimikiza ndondomeko. Disiki yolowa m'malo inatenga masabata angapo kufika. Itafika anaiika pa doko lina la SATA, anaionjezera ngati sipeya, n'kugwiritsa ntchito mdadm --replace, yomwe imakopera ku yatsopano yakaleyo idakali m'gulu, kotero parity zonse ziwiri zimakhalapo mpaka kumapeto. Anachita yekha, usiku umodzi, ine kulibe.

Disiki ya sipeya yokhala pashelefu sanagulebe. Kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo nkhaniyo inaimira pomwepo. Kusinthana kwa madisiki a backup kumayenda bwino m'nyengo ya mvula pomwe anthu ali muofesi, koma kumadumphadumpha m'chilimwe onse akakhala kumunda. Deta yadutsa 13 TB pa 16 TB, ndipo madisiki a USB aja atsala pang'ono kuchepa. Pa ulendo wotsatira tikukambirana zoonjezera disiki yachisanu ndi mdadm --grow, ndipo ndawauza kale kuti sindiyamba ntchitoyo backup ya sabata imeneyo isanayesedwe pobwezeretsa mafayilo angapo pa kompyuta ina.